Mayi Jacinta ndi Tcheni cha Ngolo

Mayi Jacinta a kwa Mitundu anaphunzira kupalasa njinga ali ndi zaka makumi anayi, chaka chimene anthu anavotera zipani zambiri. Amuna awo anali atamwalira, n'kuwasiyira ana anayi, dimba la tomato ndi njinga yakuda. Anagwa nayo kangapo mpaka mawondo kusupuka, koma pofika mwezi wa Ogasiti anali atayamba kupalasa mpaka mumzinda wa Lilongwe, dengu la tomato lili pakeliyala.

Kumsika ankaikhoma ndi kaloko kakang'ono, gudumu lakutsogolo kulimangirira kumzati wachitsulo. Tsiku lina atatha kugulitsa anapeza gudumu lokhalo lili pamzati, loko ali chikhomere. Wakuba anangomasula manati awiri n'kunyamula zotsalazo. Mayi Jacinta anatsegula loko uja. Kenako anasenza gudumu lawo n'kukakwera minibasi ya ku Nathenje, kumene mlongo wawo Gilibati ankawotcherera zitsulo.

"Achemwali, basi zisiyeni za m'taunizi," anatero Gilibati atamva nkhaniyo. "Kumeneko n'kwa amuna."

"Amunawo sawabera? Ine ndinalakwa pomanga, osati popita. Ndipezereni felemu, achimwene."

Gilibati anali ndi felemu yadzimbiri kuseri kwa shedi. Anaipala, naipezera gudumu lakumbuyo ndi chishalo chakale. Akumanga, maso a mayi Jacinta anagwera pa tcheni cholemera chimene chinachoka pangolo yothyoka.

"Icho mundidulire mikono iwiri."

"Chokokera ng'ombe chimenechi? Mudzatopa nacho pachitunda."

"Kulemera kwake sikungapose gudumu limene ndasenza lero."

Kuyambira pamenepo anali ndi kamangidwe kawo. Ankalowetsa tcheni mufelemu, kudutsa mugudumu lakumbuyo ndi lakutsogolo, n'kuzunguliza mzati wozikika musimenti, pamalo podutsa anthu. Loko wamkulu ankamusiya m'mwamba, asagone pansi pomwe munthu angamuswe ndi mwala. Kiyi ankamuvala m'khosi pachingwe. Azibambo a njinga ankaseka. "Mayi, mwamanga nkhunzi kodi?"

Panapita miyezi. Masana ena akuchokera kokasiya tomato kwa wogula, anaona anthu ataunjikana pamzati paja. Pakati pawo panali bambo wa jekete labwino, atagwada, akucheka tcheni ndi sowo, thukuta lili kamukamu. Mano a sowo anali atatha, tcheni chitangokandika pang'ono.

"Njingayi ndi yanga, kiyi ndataya," ankauza anthu bamboyo.

Mayi Jacinta anayandikira mwaulemu.

"Pepani bambo, mwavutika. Tayesani kiyi uyu."

Anavula chingwe m'khosi, nalowetsa kiyi okha. Loko anatseguka kuti khethe! Bamboyo anati athawe, koma amayi ogulitsa nsomba anali atamugwira kale jekete. Ena anayamba kutola miyala.

"Ayi, musammenye!" anakuwa mayi Jacinta. "Mupite naye kupolisi. Tcheni changa chamulanga kale."

Msika wonse unafa ndi phwete, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kumabenchi a kaunjika.

M'mawa mwake bambo Davide, wogulitsa nkhuku wa ku Malingunde, anabwera akukankha njinga yake, chipewa chili m'manja.

"Mayi, mungandilole ndikolekeko yangayi patcheni chanucho?"

Anamulola. Sabata yotsatira anabwera ena atatu. Gilibati anawonjezera tcheni kawiri, mpaka chinkalowa njinga zisanu ndi ziwiri, zonse pakiyi mmodzi wa m'khosi mwa mayi Jacinta. Ndiye poti palibe akanatha kunyamuka iwo asanamalize malonda, dzuwa likapendeka mumaona azibambo a ndevu zawo ataima mozungulira dengu lawo, akuitanira anthu mokweza: "Tomato wa kwa Mitundu uyu, amayi! Tengani, tengani!"