Kathumba ka Achimwene Kochokera ku Chilwa

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale kunena zoona sindinagone. Amayi amvano anali atatopa ndi kuimba, ena akuodzera atatsamira khoma. Bokosi la achimwene linali pakhonde, lokhomeratu. A zaumoyo anatiletsa kusambitsa thupi kapena kuona nkhope, popeza anamwalira ndi kolera, imene inawagwira kunyanja ya Chilwa komwe ankapha matemba. Anzawo anathamanga nawo pa njinga, koma kuchipatala anapeza odwala ali mbwee mpaka pansi pa mitengo, ndipo anatsirizika asanaonedwe.

Kutacha kunayamba kamvula kowaza. Anthu anabwera ambiri, a ku Mkhumba konkuno ndi ena ochokera ku Nazombe, koma kuphika kunali koletsedwa. Moni wa m'manja panalibenso. Maliro ouma chonchi sindinawaonepo, ndipo zinandiwawa ngati tikutaya mlendo.

Adzukulu atatumiza mawu kuti amaliza kukumba, mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anandikoka chitenje. Kamwana kawo, Esinati, kanali katayamba kutsegula m'mimba, maso atalowa. Mumtima ndinangoti basi, mawa tikumbanso.

Mayi wina wa ku Nazombe, amene sindinkawadziwa n'komwe, anatipeza kuseri kwa nyumba.

"Musalire kaye, amayi. Wiritsani madzi odzaza botolo lalikulu, mutsinemo kamchere, muthiremo shuga wa m'dzanja. Muzimumwetsa pang'onopang'ono, ngakhale azisanza, mpaka mukafike naye kuchipatala. Kwathu anamwino anatiphunzitsa chaka chatha. Wanga anapulumukira zomwezi."

Moto umene unayaka pakhomo tsiku limenelo ndi umenewo wokha. Mlamu anakwezedwa pa njinga, mwana kumsana, botolo m'manja, osaperekeza amuna ake. Kumanda ndinapita ine, matope akundimata m'mapazi, nyimbo osazimva. Anthu asanabalalike tinapempha mayi aja kuti abwereze mawu awo, ndipo asodzi anamvetsera zipewa zili m'manja. Amati safunsa anadya phula, koma ife tikanafunsa yani? Chikhalirecho ku Nazombe si kutali.

Madzulo kunabwera uthenga woti Esinati wapempha phala. Ndinathokoza Mulungu. Anthu anali atapita, m'nyumba muli zii. Ndinamasula kathumba ka achimwene kamene anzawo anabweretsa kuchokera kunyanja. Munali malaya awiri, singano yosokera ukonde, ndi timapepala tiwiri tomanga bwinobwino, kena ka mchere, kena ka shuga wa tiyi wawo. Apo ndiye ndinalira.