Ndakatulo Imene Sindinawerenge Kumanda

Loweruka, pa 8 Febuluwale. Ndinadzuka kusanache pa kapeti ya pabalaza, n'kuyamba kukopera ndakatulo yanga papepala loyera. Lero taika maliro a bambo anga ondipeza. Kwawo kunali ku Ireland. Ndiwo anandiphunzitsa kulemba ndakatulo. Ankati kwawoko chinthu chikamupweteka munthu amachiika m'mawu, mtima n'kukhala pansi.

Usiku wonse m'nyumba mwathu muno, mumzinda wa Brampton kuno kunja, munali magulu awiri. Azimayi a kumpingo ankaimba nyimbo za maliro atakhala pansi. Abale a malemu anali kukhitchini, aliyense kuimirira n'kulakatula yapamtima, ena mpaka kuseka misozi ili m'maso. Mayi wina anandinong'oneza kuti, "Koma azunguwa, pamaliro n'kumaseka?"

Achemwali a malemu anandigwira dzanja. Anati achimwene awo ankandinyadira, ndiye nanenso ndiwerenge yanga. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndikawerengera kumanda. Amayi ankandiuza kuti kumudzi anthu amakhalitsa kumanda, olankhula akusinthana, bokosi n'kutsitsidwa, mpaka dothi lonse kukwiriridwa. Ndinkaganiza kuti mpata ukapezeka.

Kutacha, azimayi anayatsa gasi m'galaja n'kuphika mpunga ndi nkhuku. Magalimoto anadzaza msewu wathu wonse. Misa itatha tinalondola galimoto ya maliro pang'onopang'ono, chipale chofewa chikugwa.

Kumanda mphepo inkaluma makutu. Ansembe anapemphera mwachidule. Ndinavula magolovesi n'kugwira pepala m'thumba, ndikudikira kuti bokosi litsike. Silinatsike. Bambo wa kampani ya maliro anatithokoza n'kunena kuti mwambo watha, antchito akwirira ife tikachoka. Anthu anathamangira kumagalimoto.

"Tiye iwe, uzizidwa," anatero amayi. Ndinasiya pepala lija m'thumba. Ndinawatsatira.

Madzulo ano m'nyumba muli zii. Abale a malemu atsanzika nkhope zili zowala, poti zawo ananena. Amayi adzitsekera kuchipinda osadya. Ine ndakhala ndi cholembera kuyambira kuja, koma dzanja likukana, ndipo wondifunsa kuti walemba chiyani lero palibenso.

Mawa tikaweruka kutchalitchi ndikwera basi ndekha kupita kumanda, ndikawawerengere mokweza, ngakhale kuti tsopano pakati pathu pali dothi.