Mwaye wa Kandulo ya a Evelio

A Evelio Carbonell anadula makiyi a galimoto pakhonde la nyumba yathu kuno ku Matanzas kwa zaka makumi anayi ndi zitatu. Ine Migdalia ndimagulitsa khofi pakhonde lomwelo, ndiye ntchito yawo ndinaiona yonse, ndi kutha kwake komwe.

Anali munthu wouma mutu. Makina okopera makiyi anali nawo, koma ankawanyoza. Galimoto zambiri za kuno n'zakale kuposa eni ake, makiyi ake oyamba anatayika kalekale, ndipo amene madalaivala amayenda nawo ndi okopera pa okopera anzawo. A Evelio ankati ukakopera kiyi wakutha mano, wakopera ndi kuthako komwe. Iwo ankadalira loko weniweniyo. Ankatenga kiyi wopanda mano, kumudetsa ndi mwaye wa kandulo, kumulowetsa mu loko wa galimoto n'kupotokola pang'ono. Akamutulutsa, pamene mwaye wachoka n'kuwala mkuwa ndi pamene ankapala ndi tupa. Ankabwereza choncho kakhumi kapena kuposa, mpaka galimoto italira.

Kutatsala zaka ziwiri kuti ntchitoyo ithe, ng'ala inawagwira maso onse awiri. Sanauze munthu. Ine ndinadziwa tsiku limene anathira shuga patebulo, kapu ili poteropo. Sitinakambiranepo, koma kuyambira pamenepo akatulutsa kiyi mu loko ankaitanitsa khofi. Pobweretsa ndinkayang'ana mwayewo, n'kukankhira chikhadabo chawo pamalo owalawo ngati ndikungosuntha kapu. Zala zawo zinali zisanaiwale kanthu, ndipo makiyi ankatuluka abwino ngati kale.

Tsiku lina m'mawa kunabwera Yoandri, dalaivala wa takisi wa pakamwa posatseka. Galimoto yake inali ndi kiyi mmodzi yekha, naye wong'aluka pakhosi. Makiyi opanda mano a mtundu umenewo sapezeka m'sitolo iliyonse kuno, ndipo a Evelio anali atatsala ndi mmodzi m'kachitini ka fodya. Anamudetsa, kulowetsa, kutulutsa, n'kuitanitsa khofi. Yoandri anaima pamenepo pamenepo, maso pa manja awo.

Pa kapu yachinayi anaseka.

"Madala, mukudula kiyi kapena mukufunsira mbeta? Khofi yonseyi mtima suphulika? Kapena masiku ano maso ndi a mayiwa?"

Amuna awiri amene ankadikira basi anaseka nawo. Yoandri sankadziwa kanthu, kunali kungocheza basi, koma a Evelio nkhope inagwa.

"Bwererani nayo khofiyo, mayi Migdalia. Ndakhuta."

Ndinabwerera. Mpaka lero ndimadzida chifukwa chobwerera. Ndili patebulo panga ndinaona bwinobwino kuti mkuwa wawala pa dzino lachiwiri, koma tupa anamuika pa lachitatu. Anapala mwamphamvu, mwa munthu wofuna kuti aonedwe akupala. Chitsulo chikapalika sichibwereranso. Kiyi analowa mu loko koma sanatembenuke. Anapalanso pena, n'kupalanso pena, mpaka kiyiyo anangotsala ngati chipeso chothoka mano.

Yoandri nthabwala zinamuthera. Anati wataya m'mawa wonse, analowa m'galimoto, n'kupotokola kiyi wake wakale uja mwaukali. Kiyiyo anaduka, theka n'kutsalira mkati mwa loko.

Kale a Evelio chidutswa chotero ankachitulutsa ndi kawaya munthu asanamalize ndudu. Anatenga kawayako, anawerama pa chiwongolero, ndipo anakhala choweramira nthawi yaitali. Kawaya kankangogunda m'mbali mwa bowo. Kenako anadzuka.

"Sindikuona, mwana wanga. Papita zaka ziwiri."

Yoandri anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Amuna a basi aja ndi amene anamuthandiza kukankha galimoto mpaka pakona. Ndimamva kuti anazula loko yense, pano amailiza galimotoyo pogundanitsa mawaya awiri pansi pa chiwongolero, ngati wakuba. Akadutsa pano saimba hutala.

A Evelio sanatulutsenso tebulo lawo. Ndinawauza kuti tipitirize poyera, ine ndiziona iwo azipala, anthu adzazolowera. Anati dalaivala sangapereke loko wake kwa mayi wa khofi, ndipo sananame, chifukwa palibe anabweranso kudzafunsa. Dzina lawo lili pa mndandanda wa odikira opaleshoni ya maso. Mndandandawo suyenda, ndipo iwo anasiya kufunsa.

Masiku ano amapita kukakhala pa benchi ya papaki mpaka dzuwa litapendeka. Akabwerera amaima pakhomo la chipinda chawo, kiyi ali m'manja, n'kumapapasa chitseko. Sandiitana. Ine ndimasiya makasitomala, n'kukagwira dzanja lawo kulilondolera pa bowo. Dzulo kiyi atatembenuka sanalowe msanga. Anamusisita ndi chala chachikulu, dzino ndi dzino.

"Uyu ndinadula ndekha," anatero. "Ndisanayambe kumwa khofi yambiri."