A Jonas Namakhwa, Mkamwini Amene Anagula Phiri

A Jonas Namakhwa anali munthu wa chikwanje. Pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza ntchito yawo inali yodulira tiyi, ndipo mzere umene adula iwo unkadziwika ngakhale uli patali. Kupatula apo panalibe chodabwitsa pa iwo. Anali aafupi, osayankhulayankhula, mkamwini wofatsa pamudzi wa akazi awo a Lestina. Koma mukafunsa kumudziko, kwa Chimaliro, akuuzani kuti ameneyo ndi munthu amene anagula phiri.

Apongozi awo, a Teleza, anawoloka mtsinje wa Ruo kalekale pothawa Apwitikizi, a Lestina ali kumsana. Monga mwa mwambo, a Jonas ndi a Teleza sankayang'anana kumaso kapena kudyera pamodzi. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'udzu. Nkhani iliyonse inkadzera kwa a Lestina, ngakhale onse atatu ali pabwalo limodzi. Komatu anthu awiriwa ankakondana, ndipo mudzi wonse unkadziwa. A Teleza akaphika kalongonda, mbale yodzaza inkapezeka pakhonde la mkamwini. Denga la a Teleza likayamba kudontha, linkafoleredwa eni ake ali kumunda, wofolerayo osaoneka.

Ukalamba utafika, a Teleza anayamba kumanga kamtolo. Ankati akufuna akaone phiri la kwawo, Namuli, asanafe. A Jonas anabadwira kuno ndipo phirilo sanalionepo, koma ankalidziwa bwino chifukwa chomvera kuseri kwa khoma: mutu wa mwala, mtambo pamwamba, mtsinje m'munsi. Kawiri konse gogoyo anazemba. Ulendo wachiwiri anawapeza pafupi ndi Ruo miyendo itatupa, ndipo anabwerera nawo pamachira. Kamtoloko sanakamasule, kanangokhala kumutu kwa mphasa. A Lestina anayamba kuwonda. A Jonas naonso mtima unali m'mwamba, chifukwa mvula inali pafupi, ndipo Ruo akadzaza saona kuti uyu ndi gogo.

Chakudza sichiimba ng'oma. A Jonas anakumba mbuna m'munda wa chinangwa kuti agwire nguluwe, koma munagwera nyalugwe, yemwe uja anatha agalu a bwana wa esiteti. Bwanayo anakondwa, nawapatsa ndalama zoti kudulira tiyi sakanaziona ngakhale pa miyezi yambiri. Ulenje panalibepo, tinene zoona, mwini mbunayo atamva kubangula anathawa mpaka kutaya chipewa. Koma ndalama sifunsa zimenezo. Alangizi anachuluka: uyu akuti njinga, uyu akuti mbuzi. A Lestina anangopempha bulangete ndi mphika wachitsulo.

Loweruka a Jonas anakwera lole ya esiteti imene a Goodson, dalaivala, ankapita nayo ku Limbe kukatenga malata. Anakhala kumbuyo, dzanja limodzi pachitsulo, lina pathumba, fumbi likuwathira mpaka anafika ofiira ngati chulu. Asanafike n'kusitolo komwe, anaona anthu atasonkhana pakhomo la mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Katundu wake ankagulitsidwa mopikisana: mipando, mbale, nyale. Ndipo chotsamira mwendo wa tebulo panali chithunzi chojambula ndi utoto, chili m'galasi. Mutu wa mwala, choyera pamwamba, mtsinje m'munsi. A Jonas analowa m'gulumo.

Za malonda opikisana sankazidziwa. Anangoona kuti wofuna chinthu amakweza dzanja, ndiye iwo anakweza lawo osalitsitsanso. Mmwenye wina amene ankafuna galasilo analimbana nawo pang'ono, kenaka anawayang'ana, n'kupukusa mutu. Chithunzi chinapita kwa a Jonas, ndipo chimene chinatsala m'thumba chinangokwanira mchere.

A Goodson anaseka mpaka misozi. Anati limenelo ndi phiri la kwa azungu kutsidya la nyanja, ndipo choyeracho si mtambo koma madzi ouma ndi kuzizira. A Jonas anayankha mwaulemu kuti madzi sauma ndi kuzizira, amauma ndi dzuwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Pobwerera Lamulungu mvula yoyamba inawapeza pa Bvumbwe. Anavula jekete n'kufunditsa phiri, iwo n'kunyowa mpaka kumudzi.

A Lestina ataona kuti bulangete kulibe, mphika kulibe, anakhala pansi. Mawu amene ananena sitiwabwereza, poti anali mayi wa mpingo. A Jonas ananyamula chithunzicho, nachitsamiritsa pakhomo la apongozi, anatsokomola kuti adziwike, n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Apo m'pamene mantha anawagwira. Nanga a Goodson akakhala kuti ananena zoona?

A Teleza anatuluka chokwawa, nakhala pansi patsogolo pa galasi. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chikutsata mtsinje uja. Kenaka anaitana mwana wawo, koma mokweza kuti mawu akafike kunkhokwe.

"Lestina, uwauze bambo a m'nyumba mwako kuti awanamiza. Phiri ili si lathu. Lathu silioneka chonchi."

A Jonas anaweramitsa mutu. Manyazi anawagwira, ndipo chisoni chinaposa manyaziwo.

"Uwafunsenso," anapitiriza a Teleza, "kuti jekete lanyowa chonchija chifukwa chiyani."

A Lestina anafotokoza za mvula ya pa Bvumbwe, mawu atayamba kale kufewa. Gogoyo analowa m'nyumba, natuluka ndi kamtolo kaja. Anakamasula ndi mano, poti mfundo inali italimba, nakhuthulira pansi chipande, mikanda ndi kachikwama ka fodya. Nsaluyo anaikung'untha, n'kupukutira galasi.

"Uwauze akhome msomali mkati, kumene sikudontha. Akhome ine ndili kumunda."

A Teleza anakhala zaka zina zingapo, ndipo njira ya ku Ruo sanaiyendenso. Alendo akabwera ankawavundukulira nsalu ija, imene ankaphimbira chithunzicho, n'kuwaonetsa pamene panali munda wa amayi awo, pamene ankatunga madzi, ndi njira imene anatsikira pothawa. Wina akafunsa ngati limenelo ndi Namuli ndithu, ankamuyang'ana moipa, n'kunena kuti anagula ndi mkamwini wawo. A Jonas ankamva zonsezi ali kuseri kwa khoma, akunola chikwanje chimene chinali chakuthwa kale.