Basi Yofiira ya Anamano

Kuseri kwa depoti ya mabasi kuli chipatala cha mano, ndipo m'chipatalamo muli kachipinda konunkha pulasitala ndi sera yosungunula. M'menemo ndi momwe Anamano agwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu. Iwo sazula mano ayi. Ntchito yawo ndi kuumba mano oikirira a anthu omwe adokotala awasiya ndi mipata m'kamwa. Dzinalo linachokera pomwepo, ndipo linawamamatira moti ngakhale amuna awo amawatchula choncho pagulu.

Manja awo sanjenjemera. Dzino amalipala ndi katupa kochepa ngati mtengo wa machesi mpaka lioneke ngati munthu anabadwa nalo. Luso lomwelo ankapita nalo kunyumba. Loweruka masana akatha kuchapa, ankadzitsekera m'kachipinda kosungiramo katundu, n'kuyala patebulo timalata ta zitini, mawaya, guluu ndi penti, n'kuyamba kupanga tigalimoto.

Chidwichi chinayamba ali kamtsikana. Tsiku lina bambo awo anabwera ndi kabasi kofiira ka chitini, kopukusa ndi kiyi, n'kupatsa mwana wamwamuna, amvekere mtsikana zake ndi zidole. Sabata isanathe mnyamatayo anali atakaphwasula. Anamano anakatola zidutswa kudzala, n'kumazilumikiza mobisa kunsi kwa bedi mpaka kabasiko kanayendanso, ngakhale kankayenda cham'mbali ngati nkhanu.

Patapita zaka makumi anayi anaganiza zopanganso basi ija, koma tsopano yofanana ndendende ndi yeniyeni. Anapita ku depoti ndi tepi kukayeza chibasi chakale chomwe chinangokhala pamiyala, amuna awo atagwira nsonga ina ya tepiyo. Amakaniko anafa nacho chiseko.

"Mayi, mukufuna kuisokera diresi kodi?"

Muyeso uliwonse ankaugawa ka makumi awiri n'kuulemba m'kope la chikuto chabuluu. Ntchitoyo inatenga zaka ziwiri. Basi inatuluka yotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, ya mipando makumi anayi yokutidwa ndi chikopa cha chikwama chakale. Chitseko chinkapindika pakati, ndipo ukapotoza chiwongolero ndi chala, matayala akutsogolo ankakhota.

Achimwene awo aja anadzakhala mphunzitsi, ndipo pa nthawiyi anali atapuma ntchito. Anali munthu wa pakamwa potsekemera, woti akayamba kulankhula ngakhale wothamangira basi amaima kaye. Tsiku lina anafika ndi uthenga woti ku holo ya mzinda kukhala chionetsero cha zopangapanga.

"Chemwali, chinthu chokongola chonchi chizingodya fumbi? Ine ndiinyamula pagalimoto yanga Lachisanu, ndikalembetse. Iwe udzatipeze Loweruka ukaweruka."

Anamano anazengereza, koma amuna awo anathirira ndemanga: "Alamu akunena zoona. Anthu aone zomwe mumapanga."

Lachinayi anaikulunga m'bulangete latsopano mothandizana ndi amuna awowo, n'kuiyala bwinobwino m'katoni.

Loweruka anafika ku holo cha m'ma thuu koloko atavala diresi lawo la maluwa. Sanavutike kufunafuna, poti anthu anali ataunjikana patebulo limodzi. Anadzipanikiza mpaka kutsogolo, mtima uli phaphapha ndi chimwemwe. Basi yawo inali pansalu yoyera, ikunyezimira. Patsogolo pake panali kakhadi, ndipo pakakhadipo panalembedwa dzina la achimwene awo ndi zilembo zikuluzikulu. M'munsi mwake munali timawu ting'onoting'ono: "Wothandiza kupenta: mchemwali wake."

Anawerenga kawiri, kuganiza kuti mwina maso akuwanamiza.

Achimwene anali ataima pambali, ali mu suti, akufotokozera oweruza atatu. Ankasimba momwe ali mwana anatolera zidutswa za kabasi kudzala n'kumazilumikiza kunsi kwa bedi. Oweruza ankangogwedeza mitu. Wina atafunsa za kutalika kwa mipando, achimwene ananyowetsa chala ndi malovu n'kutsegula kope la chikuto chabuluu.

Anamano analizindikira nthawi yomweyo. Kopelo linkakhala m'dirowa yokhoma kuchipinda chogona, ndipo pomwe pankakhala kiyi ankadziwapo anthu awiri okha. Atakweza maso anaona amuna awo ataima kumbuyo kwa achimwene. Maso atakumana, bambowo anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

"Ee, ndi uyu chemwali wanga uja!" anafuula achimwene atawaona. "Penti yonseyi ndi manja ake. Tamuombereni m'manja!"

Anthu anaomba. Mayi wina mpaka anawasisita paphewa n'kunena kuti ali ndi mwayi pokhala ndi mlongo waluso chonchi. Kuyambira ali mwana Anamano anaphunzitsidwa kuti wamkulu sachititsidwa manyazi pagulu, ndipo ngakhale tsiku limenelo chiphunzitsocho chinawagwira lilime. Anatuluka n'kukakhala pamasitepe.

Posakhalitsa amuna awo anawatsatira.

"Kope lija lafika bwanji kuno?" anafunsa Anamano osawayang'ana.

"Amayi, tamvetsani. Alamu anati oweruza amafunsa mafunso ambiri, ndiye inu paja ndinu amanyazi. Anatinso anthu sangakhulupirire kuti ndi ntchito ya mzimayi, angamati tikunama. Dzina ndi dzina chabe, banja ndi limodzi lomweli."

"Kiyi munamutenga liti?"

"Lachitatu."

"Ndiye Lachinayi munkandithandiza kukulunga bulangete lija mukudziwa zonse, muli phee?"

Bambowo anangokanda m'mutu.

Za achimwene sizinawadabwitse kwenikweni, poti munthu yemwe unakula naye umamudziwa ndi chifuwa chake chomwe. Chinawalasa ndi cha amuna awo, munthu yemwe anaona zala zawo zikuchekeka ndi malata zaka ziwiri zathunthu, yemwe ankawabweretsera tiyi m'kachipinda muja n'kumawerenga nawo timipando.

Basi inapata malo achiwiri, ndipo nyuzipepala inatulutsa chithunzi cha achimwene atainyamula ngati khanda. Lolemba m'mamawa Anamano anapita ku holo kukatenga katundu wawo, koma mlonda anawaimitsa pakhomo.

"Pepani mayi, lamulo likuti mwiniwake abwere yekha. Dzina lili apali si lanu."

Mwiniwakeyo anabweradi masana, ndipo basi inakalowa m'kabati ya magalasi pabalaza pake.

Patatha masabata awiri achimwene anatulukira kunyumba akumwetulira. Eni sukulu ina yophunzitsa kuyendetsa galimoto anali atawapempha kuti awapangire tigalimoto titatu tophunzitsira.

"Chemwali, mwayi sugogoda kawiri. Iwe upange, ine ndizilankhula nawo."

"Kope muli nalo, achimwene. Zitini zili mbwee kudzala. Pangani."

"Ah, iwenso! Ukadasungabe mangawa ndi kakhadi?"

Anamano anangowathirira tiyi wina. Achimwene anaseka okha, kenako chiseko chinawathera, anatsanzika. Tigalimoto titatuto sitinapangidwe, ndipo ku banja kunamveka zoti Anamano ndi ouma mtima, akufuna kunyozetsa mlongo wawo.

Amuna awo anayesa kukonza zinthu. Analemba kalata ku nyuzipepala yofotokoza chilungamo, koma sinatuluke. Anakatenga kope lija kwa alamu awo n'kudzaliika patebulo mwakachetechete. Anamano analilandira, anathokoza, n'kuliponya m'chikwama cha kuntchito.

Sabata yomweyo anapempha adokotala kakona m'kachipinda kawo ka kuchipatala, n'kusamutsira komweko zitini, mawaya ndi penti. Tsopano amapanga tigalimoto pa nthawi yopuma masana, anzawo akapita kokadya. Banja silinathe ayi. Amaphikabe, amachezabe za ana ndi za mvula. Koma tsiku lina amuna awo ataona penti yofiira m'zikhadabo zawo, anafunsa mwaulemu kuti panopa akupanga chiyani.

"Galimoto yozimitsa moto," anatero Anamano akutsuka kapu. "Ndalembetsa kale ndekha ku chionetsero cha chaka chamawa. Mudzaiona tsiku lomwelo pamodzi ndi anthu ena onse."