Mwala wa M'khitchini ya Achemwali

Alamu anga a Fanuel Namakhwa anali munthu wosatha kukhala pansi. Anaphikira mabwana pa esiteti ya tiyi zaka makumi atatu ndi zinayi ali chiimire, ndiye miyendo inazolowera. Ngakhale pamaliro, amuna anzawo atakhala pa mipando ndi pa njerwa, iwo unkawapeza atatsamira mtengo, kansalu kopukutira mbale kali paphewa. Ine Lizzie, mng'ono wa akazi awo, ndinkawaseka kuti tsiku lodzawaika tidzachita kukumba manda oimika. Iwo ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mlamu, pakamwa panupo padzakupweteketsani."

Achemwali anga a Esteri anathyola tiyi pa esiteti yomweyo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, dengu lili kumsana, mpaka msanawo unapindika. Onse atapuma ntchito anachoka m'nyumba ya kampani n'kubwera kwathu kuno, kuseri kwa msika wa Limbuli, pakuti kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi. Achemwali anayamba kukazinga mandasi ogulitsa pamsika. Ankakanda ufa m'beseni loika pansi, m'khitchini yapanja ya mizati inayi ndi denga la udzu, ndipo podzuka ankachita kukwera mzati ndi manja, pang'onopang'ono, mano ali gwa.

M'mawa wina alamu anaima n'kumawayang'ana akudzuka choncho. Ine ndinalipo, ndinabwera kudzapala moto.

"Esteri, ine kwa bwana ndakanda buledi zaka zonsezi osawerama," anatero. "Kuli mwala wakuda, wosalala, wozizira ngakhale mu Okutobala. Amautcha giranaiti. Ufa sumatirira, mpeni suukanda. Ndikupezerani wotero, muzikanda choimirira."

"Inu, ingoikani thabwa basi," achemwali anayankha.

"Thabwa chiswe chidya, mvula iwoletsa. Inu si munthu wa thabwa."

Sabata yomweyo anatenga chingwe n'kuyeza achemwali kuchokera pansi kufika m'chiuno, eni ake akuseka ndi kuwamenya dzanja. Anamanga zipilala ziwiri za njerwa m'khitchinimo, zofika ndendende pa mfundo ya chingwecho. Chotsala chinali mwala wogoneka pamwamba. Zipilalazo zinakhala zaka zinayi zopanda kanthu, nkhuku zikugonapo, ife tikuzitcha geti la a Fanuel.

Musaganize kuti anakhala manja lende. Anayamba ku Chitakale, m'mashopu a zomangira. Kumeneko anawaonetsa matailosi otsika mtengo, iwo n'kukana, amvekere m'mipata ya matailosi mumabisala litsiro. Anakwera minibasi mpaka ku Limbe atavala jekete la kutchalitchi. Anaupeza mwalawo m'shopu ya magalasi okhaokha, koma atamva mtengo wa kachidutswa kokwana pa zipilala zawo anangothokoza n'kutuluka. Anabwerako ndi kabenthu kokhala ngati bokosi la machesi kamene anatola panja pa shopuyo. Kabenthu kameneko kanakhala m'thumba la malaya awo, ndipo aliyense wowapatsa moni ankakagwira, afune asafune.

Wina anawanong'oneza kuti ku Milanje, tsidya la Mozambiki, akugumula nyumba zakale za Apwitikizi, ndipo miyala yotere amangoitaya. Anapalasa njinga kudutsa pa Muloza, n'kukapeza zibuma ndi mbuzi. Ine ndinawauza kuti, "Alamu, mukuvutikiranji? Phiri lonseli ndi mwala, kwerani mukadule." Ndinkaseka, koma nthawi zina zinkandipsetsa mtima ndithu. Mkazi akuwerama tsiku ndi tsiku, mwamuna akukana thabwa chifukwa cha matama a kukhitchini ya azungu. Ndinawauzapo zimenezo pamaso.

Namondwe wa Freddy atadutsa, miyala ikuluikulu yochokera m'phiri inatsala ili mbwee m'minda ya anthu. Alamu anabwereka hamala ndi tchizulo kuti akayese kung'amba umodzi. Apo ndi pamene ndinaona achemwali atakwiya, munthu woti sankakweza mawu.

"Miyala imeneyo yadutsa pa anthu," anatero. "Ine sindingakandire chakudya pa mwala wa imfa. Bwezani hamalayo."

Alamu anabweza hamalayo tsiku lomwelo.

Chaka chomwecho zinadziwika kuti vuto la achemwali silinali msana wokha. Anayamba kuwonda, chakudya osachifuna. Tinapita nawo kuchipatala pa boma, kenako ku Blantyre, ndipo tinabwerako ndi mankhwala ochepetsa ululu basi. Adokotala analankhula ndi alamu paokha. Kuyambira pamenepo munthu uja anasiya kuonetsa anthu kabenthu kake, ankangochoka m'mamawa n'kubwera madzulo fumbi lili thoo.

Masana ena mu Ogasiti chaka chatha tinaona wilibala ikubwera kuchokera kumsewu, amuna awiri a kabaza akukankha, alamu akuthamanga pambali. M'wilibalamo munali chinthu chokulungidwa ndi matumba ndi bulangete. Njinga yawo panalibe. Atafika anatithamangitsa akazi tonse, amvekere fumbi lingawatsamwitse odwala, tilowe m'nyumba. Pomwe ankatiitana, mwala unali utagona kale pa zipilala, wakuda bii, wonyezimira moti unkaonamo denga la udzu. Kona imodzi inali yobenthuka, ndipo anailozetsa kumbuyo.

"Ndaupeza ku Limbe," anatero, maso ali pa mwalawo. "Chifukwa cha kubenthukaku anatsitsa mtengo."

Achemwali anatuluka atagwira ndodo. Anaika manja onse awiri pamwalapo, ndipo unawafika m'chiuno ndendende. Anawerama pang'ono n'kugunditsa tsaya lawo, n'kunena kuti, "Ukuziziradi." Anaitanitsa ufa, shuga ndi isiti. Anakanda ali chiimire, alamu atawagwira m'mapewa kumbuyo, ndipo mandasi a tsiku limenelo sitinagulitse ngakhale limodzi, tinagawira mudzi wonse. Ine ndinalira, ndipo ndinapepesa alamu chifukwa cha mawu anga a thabwa aja.

Anakandapo masiku atatu. Tsiku lachinayi miyendo inakana. Anapempha kuti tiwayalire mphasa m'khitchini momwemo, pakati pa zipilala, pakuti pansi pa mwalapo pankazizira bwino kuposa m'nyumba ya malata. Alamu atapita kukatenga mankhwala, achemwali anandiitana.

"Lizzie, tagona apa. Yang'ana kumwamba."

Ndinagona pambali pawo n'kuyang'ana. Kunsi kwa mwalawo kunali kopakidwa penti yakuda, koma penti sitseka mizere yogoba. Panali mtanda, ndipo pansi pa mtandawo panali mawu akuti Usani Mumtendere. Dzina panalibe. Mkwiyo unandikwera. Ndinafuna kudzuka kuti ndikawachingamire kumsewu ndi mawu, koma achemwali anandigwira chitenje, ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo.

"Khala pansi iwe. Alamu akowa ndi munthu woimirira. Aiwala kuti ife akazi zinthu timaziona kuchokera pansi." Anaseka pang'ono, chifuwa n'kuwagwira. "Usawauze kuti ndaona. Asaka zaka zinayi, njinga yapita. Koma tamvera. Ndikapita, achimwene adzafuna kuutembenuza mwalawu kuti aukhazike pamutu panga. Usadzalole. Mwamuna wanga wandigulira tebulo, sanandigulire chiliza."

Anakhala miyezi ina iwiri akugona pamenepo masana onse, maso ali pa mtanda uja. Alamu akabwera ankawaphikira phala pambali, n'kupukuta mwalawo ndi kansalu kawo ngakhale panalibe chodetsa. Achemwali tsiku lililonse ankati, "Mwachita bwino, bambo, mwalawu ukundipatsa mthunzi." Ine ndinkachoka, chifukwa nkhope yanga sidziwa kubisa kanthu. Anamwalira mu Okutobala, Lachiwiri masana.

Titakolola chaka chino, abale anasonkhana kuti tiwasudzule alamu, kuwamasula kuti abwerere kwawo monga timachitira mkazi akamwalira. Panalibe chidani, anatisungira mbale wathu bwino. Achimwene athu aakulu a Hudson, amene amayang'anira mbumba yathu, ndi amene ankayendetsa nkhani. Zonse zitatha anakonza kukhosi n'kuyamba ya chiliza. Amuna a kabaza aja anali atalankhula kale pamsika, ndipo nkhani inali itawafika.

"Alamu, tisabisane," anatero a Hudson. "Mwala uli m'khitchinimo tikudziwa kumene unachokera. Ndi chiliza kale, mtanda ulipo. Simenti yakwera, ife manja ndi awa. Tingougwetsa, tikalembetse dzina la mlongo wathu, agone ngati munthu wolemekezeka."

Sindiwanena achimwene. Maganizo awo anali owongoka, ndipo anthu ambiri anavomereza ndi mitu. Koma ine ndinkayang'ana alamu. Anali ataima pa mtengo wa mapeyala monga mwa nthawi zonse. Ndinaona mawondo awo akupindika, msana ukutsetsereka pa mtengo, mpaka anakhala pa dothi, pamaso pa akazi ndi ana.

"Ndi zoona," anatero. "Sindinaugule ku Limbe. Ndinaupeza kwa a Ishmael, osema ziliza ku Chitakale. Unabenthuka asanalembe dzina, eni ake n'kuukana. Mbali zonse ziwiri zinali zosalala, ndiye ndinati ndingoutembenuza. Kwina konse sindikanatha, ndipo masiku anali atatha. Esteri anandiuza kuti safuna mwala wa imfa, ine n'kumukanditsa ufa pa chiliza, n'kumugoneka pansi pake ali moyo. Anapita akundithokoza, osadziwa. Tengani. Sindifunanso kuuona."

Pabwalo ngati limenelo mkazi amalankhula atakhala pansi, ndipo amadikira kuti apatsidwe mpata. Ine ndinaimirira osapempha.

"Mwalawo suchoka," ndinatero. "Achemwali anauona mtandawo. Anandigoneka pansi ine ndemwe n'kundionetsa. Anati mwamuna wanga wandigulira tebulo, sanandigulire chiliza, ndipo wina asadzautembenuze. Achimwene, mukafuna kuugwetsa muyambe mwandigwetsa ine."

A Hudson anavula chipewa n'kumachitembenuza m'manja. Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali ngati sakundidziwa.

"Anaona liti, mlamu?"

"Tsiku lachinayi."

"Ndiye miyezi yonse ija ankandithokoza akudziwa?"

"Eya, akudziwa."

Sanadzuke. Anakwawa ndi mawondo, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri, kuchoka pa mtengo paja mpaka m'khitchini. Analowa pakati pa zipilala zawo n'kugona chagada pa dothi, pomwe pankakhala mphasa ija. Anatukula dzanja n'kutsata mizere ya mtandawo ndi chala. Ndinawamva akuti, "Ndinapaka kawiri penti imeneyi." Kenako analira, kulira kumene sanalire pamaliro, ndipo a Hudson anauza anthu kuti abalalike.

M'mawa mwake ananyamuka kupita kwa alongo awo cha ku Muloza, ndi chikwama chimodzi ndi mipeni yawo iwiri. Asanachoke anapukuta mwalawo kuyambira kona ina mpaka ina, n'kupinda kansalu kaja n'kukasiya pamwamba. Ndinawaperekeza mpaka pa siteji. Ndinayesa kuwaseka kuti m'minibasi akakhale pansi, asakaimirire, koma ndinangowapatsira chikwama chawo. Ndimawaona mwa apo ndi apo tsiku la msika. Akalamba msanga, ndipo masiku ano amakhala pa benchi ngati wina aliyense.

Chiliza cha achemwali tinamanga cha simenti wamba, tinachita kusonkherana, dzina tinalemba ndi msomali simenti isanaume. Mandasi aja ndikukazinga ndine tsopano, ndipo ndimakanda pa mwala womwewo. Koma ine ndine wamtali kuposa achemwali, ndiye pokanda ndimawerama pang'ono, ndipo madzulo msana umandiwawa. A Hudson anaona zimenezi mwezi watha, n'kunena kuti abwere ndi njerwa awonjezere mizere iwiri pa zipilalazo kuti mwala ukwere. Ndinawakaniza. Chithunzi cha achemwali tilibe, nsalu zawo tinagawana zinatha. Chotsala chosonyeza kuti ankatalika bwanji ndi zipilala ziwiri zimenezi, ndipo ndikaimapo m'mawa uliwonse ndimadziwa pamene panali chiuno chawo.