Wonyamula Kumutu kwa Bokosi

Ndinadzuka kusanache, ngati n'kudzuka komwe, chifukwa tulo ta pasiwa n'tongobera. Ndinali nditatsamira khoma la pabalaza, miyendo ili m'bulangete la munthu wina. Mipando tinali titaitulutsa, ndipo azimayi a mpingo anali mbwee pakapeti, atafunda zitenje pamwamba pa majekete. Nyimbo zinali zitatha kalekale, koma mayi wina ankang'ung'udzabe ali m'tulo. Panja panali chifunga. Nyali za mumsewu wathu ku Beech Grove zinkaoneka ngati zikuyandama zokha, mapolo ake osaoneka.

Tsikulo tinali kuika m'manda mlongo wanga Madalitso, wonditsatira. Anabwera kuno ku America kudzaphunzira za mankhwala ku South Bend, koma sukulu inam'thera panjira ataona masewera ogwetsana mu holo ina. Kuyambira pamenepo, mkati mwa sabata ankasamalira okalamba, kumathero a sabata n'kuvala kabudula wonyezimira n'kumadzitcha Njati. Sanali wa pa TV ayi. Ankasewera m'maholo a sukulu, kumisika ya ziwonetsero, ngakhale poimika magalimoto ku Speedway. Ringi yawo, bwalo la zingwe lija, ankamanga okha n'kumasulanso okha. Ine, namwino amene ndimatopa ndi mabala a anthu, ndinkamunena kuti mwamuna wandevu akulipidwa chifukwa chogwa. Iye ankangoseka n'kuti kugwa n'kophunzira, achemwali. Anamwalira ali m'tulo m'chipinda chake chapansi m'nyumba mwanga. Madokotala anati ndi mtima, matenda omwe aja anatenga bambo athu.

Amayi sanavomereze zimenezo. Iwo anali atafika kuchokera ku Ntcheu ndi nkhani yawoyawo. Msuweni wina, mwa aja osagona ndi foni, anawatumizira kanema wa masewera a Madalitso. M'kanemamo chimzungu china chometa mpala chinkamumenya ndi mpando wachitsulo, kenako n'kumunyamula m'mwamba n'kumugwetsa pansi chagada. Munthuyo anali Travis, mnzake wa zogwetsana. Amayi anaonera kanemayo kumudzi, anaoneranso m'ndege, ndipo atangotsika ananena mawu amodzi okha: ameneyo asayandikire bokosi la mwana wawo.

Ndinayesa kuwafotokozera kuti zonsezo n'zopangana, kuti muringi anali adani koma panjira ankayenda galimoto imodzi zaka zonsezi, mpaka ku Ohio ndi ku Kentucky, kugawana chakudya ndi chiwongolero. Ndinati zili ngati sewero. Amayi anandiyang'ana n'kundifunsa kuti sewero lotuluka magazi ndinaliona kuti. Chonsecho Travis anali atandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti adzanyamule nawo bokosi la mnzake. Zinkandiwawa mbali zonse ziwiri. Ndinkaopa kumubweza munthu wosalakwa, koma kwambiri ndinkaopa kuti Amayi abwerera kumudzi n'kukakhala moyo wawo wonse akukhulupirira kuti mwana wawo anachita kuphedwa.

M'galaja moto unali utayaka kale. Azibambo anali atazungulira mbaula ya makala ngati ali kumudzi, pomwe azimayi ankatereka mapoto aakulu pa zitofu za gasi. Utsi unkatuluka pakhomo n'kukasakanikirana ndi chifunga, moti sunkadziwa pamene wina wathera. Kutayamba kuyera, magalimoto a Amalawi anzathu a ku South Bend anayamba kufika. Ena anali atangoweruka kumene kuchipatala, yunifolomu ikuonekera pansi pa chitenje. Ankalira kuyambira pamsewu monga mwa mwambo wathu, ndipo aneba athu ankasuzumira pamakatani. Ana obadwira kuno ankapatsidwa moni m'Chichewa n'kumayankha m'Chingerezi. Maliro n'kulirana, ndipo tsiku limenelo anthu anatilira.

Kutchalitchi tinakapeza mtundu wina wa anthu. Anali anzake a Madalitso a zogwetsana, zimphona zovala masuti osatseka mabatani, ena tsitsi lofika m'mapewa, wina akutsimphina, mtsikana wina wa tsitsi lobiriwira. Anakhala kumbuyo mwakachetechete ngati ana a sukulu olakwa. Panalinso anthu amene sitinkawadziwa n'komwe, atavala malaya ojambulidwa nyanga za njati. Bambo wina wokalamba anandigwira mkono n'kundiuza kuti ankayenda mtunda wautali kukangoona mlongo wanga akulowa mu holo akuvina. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mwana wa Amayi anali ndi mudzi wake wina umene ife sitinaupondeko.

Travis sanalowe. Ndinali nditamuimbira foni dzulo lake kumuuza mawu a Amayi, ndipo anati wamva. Anaima panja pafupi ndi galimoto yake, m'chifunga, chipewa chili m'manja.

Mwambo unayenda ngati ndikuuonera pansi pa madzi. Abusa analalikira, kwaya inaimba, ine mawu osawamva. Poona nkhope, Madalitso ankaoneka ngati akudziletsa kuseka, monga ankachitira tili ana Amayi akamapemphera motalika. Amayi anamusisita pachipumi nthawi yaitali. Kenako, m'malo mobwerera pampando, analunjika kukhomo, ine ndi amuna anga tikuwatsatira. Anaima pachitseko chagalasi n'kuloza ndi chibwano.

"Si ameneuja? Muitane."

Travis anabwera pang'onopang'ono. Atafika pakhonde anagwada pasimenti yonyowa, dzanja lina litagwira mkono unzake, ndipo ndinadziwa amene anamuphunzitsa zimenezo. Atagwada choncho anali wofanana msinkhu ndi Amayi.

"Mufunse," anatero Amayi, "mwana wanga anamulakwira chiyani?"

Ndinamasulira. Travis anayang'ana uku ndi uku, kenako anapempha amuna anga ngati angawagwire pang'ono. Amuna anga ndi munthu wochepa thupi, wamagalasi, wosazolowera kunyamulidwa, koma anavomera ndi mutu. Travis anaimirira, anawakweza m'mwamba monga momwe zinalili m'kanema muja, ndipo Amayi anagwira pakamwa. Kenako anawatsitsa chagada pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, ngati akugoneka khanda. Tonse tinaona. Chikhatho chake chinali kunkhongo kwawo, ndipo chimene chinayamba kugunda simenti chinali kuseri kwa dzanja lake. Mutu wa amuna anga sunakhudze pansi, ngakhale magalasi sanasunthe.

Travis analankhula ali chogwada pomwepo, ine n'kumatembenuza. Anati wogwetsa mnzake ndiye mlonda wa khosi lake. Anati Madalitso sankalola kunyamulidwa motero ndi wina aliyense koma iye, ndipo pa zaka zonsezo mutu wake sunagunde thabwa ngakhale kamodzi.

Amayi anatenga dzanja lija n'kulitembenuza. Linali dzanja loipa kuliona: mfundo za zala zotupa, chala chaching'ono chokhota, khungu la kuseri lokakala ngati chidendene. Ine ndinali nditapatsana naye moni kambirimbiri osaliyang'ana. Amayi analipapasa chala ndi chala, monga amachitira posankha mtedza. M'tchalitchi kwaya inali itayamba nyimbo yotulutsira maliro.

"Umuuze anyamule," anatero. "Akhale kumutu."

Kwathu bokosi sanyamula achibale, amanyamula adzukulu, anthu apadera amene amakugwirira ntchito yomwe iwe manja ako sangathe. Kuno tinalibe adzukulu, manda anakumba ndi makina. Choncho adzukulu a Madalitso anakhala zimphona zija pamodzi ndi azibambo awiri a ku South Bend. Travis anali kumutu. Potsika masitepe a tchalitchi ndinaona kuti dzanja lina wagwira chogwirira, linalo walowetsa pansi pa bokosi. Sindikhulupirira kuti ankadziwa kuti watero.

Tinayenda mumdipiti wa magalimoto, nyali zili zoyaka masana. Chifunga sichinachoke. Nyumba zazitali za pakati pa Indianapolis zinkaoneka theka, mitu yake itamezedwa, ndipo magalimoto ena ankapatuka n'kuima kutipatsa njira. Ndinkangoona ngati Madalitso ali patsogolo pa ulendo wake wa Loweruka, ife tikumutsatira koyamba kukaonera.

Kumanda dothi anali ataliphimba ndi kapeti wobiriwira, ngati ndi chinthu chochititsa manyazi. Amayi anauza anthu a kampani ya maliro kuti avundukule. Abusa atatha mbali yawo, mtsikana wa tsitsi lobiriwira uja anatulutsa belu la muringi. Anati kwawo wogwetsana akamwalira amamuimbira belu kakhumi, anthu ali chete. Analiimba. Kulira kulikonse kunkapita kutali m'chifunga, osabwerera, ndipo ine ndinalira pamenepo kuposa m'mene ndinalirira sabata yonse. Tinaponya dothi, tinaika nkhata. Amayi ataponya lawo, anatapanso lina n'kuliika m'dzanja lokhota lija.

Madzulo nyumba inatsala yokha. A ku South Bend ananyamuka kusanade chifukwa ambiri m'mawa mwake kunali ntchito. Mipando inabwerera m'malo mwake, mapoto anatsukidwa, m'galaja munangotsala fungo la makala. Nsapato za muringi za Madalitso, zazitali zofiira, zinali pakhomo la chipinda chake pamene anazisiya, ndipo palibe anazisuntha.

Ndinapeza Amayi ali okha patebulo la kukhitchini, mpango uli m'mapewa, foni ili m'manja. Ndinaona kuti ndi kanema uja. Anandipempha kuti ndizimitse mawu ake, ndipo ndiziyendetsa pang'onopang'ono. Ndinakhala pambali pawo. Madalitso anakwera m'mwamba, wamoyo, thukuta likunyezimira, n'kuyamba kutsika chagada popanda phokoso. Amayi anayandikiza nkhope, chala chawo chili pagalasi.

"Ilo," anatero chapansipansi. "Ilo dzanja. Bwezanso."

Ndinabweza.